Gulupu ya WhatsApp yadzaza koma kukayezetsa palibe akupita, tipange bwanji?

Jere wa pa Lizulu

Moni nonse muno. Ine ndine wa ku Ntcheu, ndimakhala pa Lizulu pompano, ndipo ndili mu kalabu ya achinyamata, timaphunzitsana tokhatokha nkhani za HIV, mimba za ana achichepere ndi zina zotero. Vuto lathu kuyambira kale ndi loti anthu ku miting'i sabwera, makamaka likakhala tsiku la msika aliyense amakhala ali pa geni, wina pa kabichi, wina pa mbatatesi, wina akukweza matumba mu malole opita ku Blantyre ndi Lilongwe, ndiye tinagwirizana kuti tiwatsatire pa foni pomwepo. Tinatsegula gulupu ya WhatsApp ndi peji ya Facebook.

Poyamba zinkaoneka ngati zitheka ndithu. Anthu analowa ambiri, ife kumaponya mapositala aja olembedwa kuti dziwani mmene mthupi mwanu muliri, anthu kumaika kachala koloza m'mwamba, ena kulemba kuti zoona adimini, basi. Koma tikacheza ndi amene amayeza magazi kuchipatala chathu akuti sakuona kusintha kulikonse, amene akubwera ndi atsikana oyembekezera poti kusikelo amayezedwa kale, anyamata ziii. Pano gulupu ija yasanduka yokanganirana za Bullets ndi Manoma komanso kugulitsana mafoni. Ndikaponya za HIV matiki a buluu ndimawaona kuti anthu awerenga koma woyankha palibe.

Ndiye funso langa ndi loti, alipo muno amene zinamuyendera zogwiritsa ntchito WhatsApp kapena Facebook mpaka munthu kudzukadi kupita kukayezetsa? Munapanga bwanji? Kapena tingozisiya tibwerere ku masewero a drama pamsika? Makamaka za anyamatazi ndi zimene zandibalalitsa.

Wakabaza wa pa Tsangano

Aise Jere ndikuuze chilungamo usakwiye. Mapositala akowo sititsegula n'komwe. Bandulo ya tsiku ndagula ndi ndalama yoti ndakwezera munthu ndi thumba lake la mbatatesi kuchoka kumtunda uko mpaka pa turn off, ndiye ndikaithere kudawuniloda chithunzi cha bungwe cholembedwa chizungu? Ambirife zoti zithunzi zizilowa zokha tinathimitsa kalekale, timatsegula chokhacho chimene tikuona kuti chitiseketsa kapena chili ndi magoli a dzulo.

Kenako taganiza amene ali pa gulupu yakoyo. Pali chibwenzi chako chakale, pali mlongo wake wa mkazi amene ukumufuna, pali mwana wa abusa, pali alamu ako. Ndiye iwe ulembe pamenepo kuti man ndinagona ndi winawake opanda Chishango ndikayezetse liti? Mawa lake siteji yonse yadziwa, dzina latsopano wapatsidwa. Anthu sakuyankha osati chifukwa sakufuna kudziwa ayi, akufuna kwambiri, koma pagulu sizingatheke.

Za kuchipatala nazonso. Njinga si yanga, mwini wake madzulo amafuna ndalama yake yokwana, samva zoti ndinali pa mzere. Ndipo kachipinda koyezera magazi aliyense amakadziwa, ukangokhala pa benchi ija azimayi a kusikelo akuyang'ana, wina ndi neba wa mayi ako. Ukatuluka amakuwerenga pankhope. Ndiye anyamata ambiri pasiteji pano amangoti madamu anayezedwa ali oyembekezera anawapeza alibe, ndiye kuti inenso ndili bho. Nkhani yatha pamenepo.

Wazaumoyo ku Dedza

Achimwene a kabaza mwanena zoona zambiri koma pomalizapo ndi pamene anthu akutaikira. Zotsatira za akazi anu si zanu. Mabanja oti wina ali nako kachilombo wina alibe, akhala limodzi zaka, ana abereka, alipo ambiri ndipo timakumana nawo kuntchito kuno. Mwamuna amakhala akudalira kabuku ka kusikelo ka mkazi wake pamene kachilombo kali mwa iyeyo, ndipo mkazi uja atha kudzatenga ali woyembekezera kapena akuyamwitsa, nthawi imene n'kosavuta kupatsira mwana.

A Jere, ndiyambe ndi kukulimbitsani mtima kuti vuto mwalionalo si la pa Lizulu pokha. Kafukufuku wa MPHIA wa 2020 mpaka 2021 anapeza kuti mwa anthu 100 alionse a zaka 15 kupita m'mwamba, pafupifupi 9 ali ndi HIV. Mwa amenewo, 88 pa 100 ankadziwa kuti ali nako, mwa odziwawo 98 anali pa mankhwala, ndipo mwa omwa mankhwalawo 97 tizilombo tinali tochepetsetsa m'magazi. Mukaona pa zolinga zija za 95-95-95, zoti pa magawo atatu onsewa tifike 95 pa 100, ziwiri zomalizazo tinadutsa, chimene chinatsalira ndi choyambacho, kudziwa. Ndipo otsalira kwambiri ndi abambo ndi achinyamata, omwewo mukuwasakawo. Azimayi anapita patsogolo chifukwa kuyambira 2011 pamene Malawi inayamba Option B+, mayi woyembekezera akapezeka nako amayamba ma ARV pompo, ndiye sikelo inakhala khomo lawo. Abambo khomo lotero alibe.

Chimene ndaona chikuthandiza kuno ndi tizipangizo todziyeza wekha, ta OraQuick. Malawi ndi limodzi mwa mayiko oyamba kuyesa njira imeneyi, mu 2015 inali mu pulojekiti ya STAR limodzi ndi Zambia ndi Zimbabwe. Kagwiritsidwe kake n'kosavuta. Osadya kapena kumwa kanthu kwa mphindi 15, kenako kachipangizoko kali ndi mbali yafulati, umaipaka ku nkhama za m'mwamba kamodzi, za m'munsi kamodzi, n'kukaviika mu kabotolo ka madzi ake kamene kamabwera mu paketi momwemo. Udikire mphindi 20, ndipo usawerenge zikapitirira mphindi 40. Pakachipangizopo pakaoneka mzere umodzi pa chilembo C ndiye kuti sikanapeze kanthu. Mizere iwiri, ngakhale winawo ukhale wosaoneka bwino, upite kuchipatala akakuyezenso ndi magazi, chifukwa kameneka si komaliza, n'kongokuuza kuti pitani mukatsimikize. Pakapanda mzere pa C ndiye kuti sikanagwire ntchito, utenge kena.

Zitatu zimene muziuza anthu nthawi zonse chifukwa zimasokoneza. Kuyeza mkamwa sikutanthauza kuti HIV imafala ndi malovu, kachipangizoka kamafufuza asilikali amene thupi limapanga likakumana ndi kachilombo. Komanso asilikaliwo amatenga nthawi kuti aoneke, ndiye ngati unagona ndi munthu mosadziteteza posachedwapa udzayezenso pakatha miyezi 3. Ndipo amene ali kale pa ma ARV asamagwiritse ntchito, katha kuonetsa mzere umodzi iye n'kuganiza kuti wachira n'kusiya mankhwala, zimenezi n'zoopsa.

Ndiye foni ntchito yake ikhale iyi: pa gulupu mungolemba mzere umodzi m'Chichewa, kuti amene akufuna kodziyezera yekha andipeze ku inbox, palibe adziwe. Osati positala, mawu okha, kapena voice note yaifupi. Kukambirana kwenikweni kuchitike ku inbox. Pitani kuchipatala chanu mukalankhule ndi amene amaona za achinyamata kapena oyeza magazi, muwafunse ngati ali nato komanso ngati angaphunzitse anthu anu angapo kagawidwe kake, musangotenga n'kumagawa ngati maswiti. Ndipo mwana wa zaka 13 kupita m'mwamba amaloledwa kuyezetsa payekha osadikira chilolezo cha makolo, ambiri sadziwa zimenezi.

Nangozo

Ine ndilankhule ngati munthu amene ndikumwa mankhwalawa, ndipo sindibisa, kwathu ku Mtakataka amene amandidziwa amadziwa. Ndimathandizanso kuchipatala kulankhula ndi anzathu amene angopezeka nako kumene.

A Jere, mauthenga anu onse amathera pa kayezetseni. Koma munthu saopa kubayidwa chala ayi, amaopa mawa lake. Mumutu mwake muli funso loti akandipeza nako ndiye chiyani, ndipo palibe akumuyankha. Ana a masiku ano sanaone zaka za m'ma 1990 koma anakula akumva nkhani zake, amalume anaonda mpaka kutha, maliro sabata iliyonse, agogo kulera ana a ana awo, ndiye chithunzi chimene ali nacho ndi chimenecho. Sakudziwa kuti ma ARV aulere anayamba 2004, kuti kuyambira 2016 sadikiranso kuti chitetezo chitsike, ukapezeka nako umayamba, kuti mankhwala amene ambiri tikumwa kuyambira 2019 ndi kam'bulu kamodzi patsiku, komanso kuti ukamamwa bwino amatha kukupatsa a miyezi 6 nthawi imodzi, pachaka kuchipatala kawiri basi. Ndipo chachikulu chimene ine chinandibwezera mtima m'malo ndi chija amati T=T, tizirombo tochepa thanzi. Ukamamwa mokhulupirika mpaka tizilombo osaonekanso akayeza viral load, supatsira mwamuna kapena mkazi wako pogonana. Mnyamata wa zaka 22 chimene akufuna kumva ndi chimenecho, kuti adzakwatira, adzabereka ana opanda kachilombo, mpira azimenyabe. Muuzeni zimenezo kaye, kuyezetsa adzafunsa yekha.

Ndiye amene akulankhula akhale munthu woti akumudziwa. Ine ndikajambula voice note ndili pakhomo, nkhuku zikulira kumbuyo, ndikunena kuti ndine uja mumandigula usipa pamsewu, ndakhala pa mankhwala zaka zambiri ana anga onse alibe, anthu amamvetsera mpaka kumapeto ndipo usiku inbox imadzaza. Usiku ndithu, cha m'ma 10 anthu akagona, ndi pamene mafunso enieni amabwera. Ndipo ambiri amayamba ndi kuti ndikufunsira mnzanga. Musamutsutse, muyankheni mnzakeyo bwinobwino, tsiku lachitatu adzanena yekha kuti ndine.

Koma ndikuchenjezeni chinthu chimodzi, ndipo apa ndilankhula mokalipa pang'ono. Foni yomweyi yaononga anthu. Kuli mtsikana wina kuno anauza mnzake ku inbox kuti wapezeka nako, atayambana nkhani ya mwamuna mnzakeyo anajambula sikirinishoti n'kuponya pa gulupu ya m'kalasi, mwana uja sukulu anasiya, anasamukira kwa azakhali ake. Lamulo la HIV la 2018 limaletsa kuulula za munthu popanda chilolezo chake komanso kumusala, koma lamulo limabwera zinthu zitaonongeka kale. Ndiye anthu anu amene aziyankha ku inbox asankhidwe bwino, osati aliyense amene ali ndi foni yabwino. Akhale woti pakamwa pake n'potseka, foni yake ili ndi pasiwedi, samabwereketsa, ndipo akamaliza kucheza ndi munthu afufute. Zotsatira za munthu zisalembedwe pa foni n'komwe. Mukangolakwitsa kamodzi kokha dera lonse silidzakukhulupiriraninso.

China, pa Facebook pomwepo pali asing'anga ndi aneneri amene akulemba kuti amachiza HIV, botolo la zitsamba mutumize pa Airtel Money kapena Mpamba. Amenewo amayankha mwachangu kuposa ife, usiku uliwonse ali pa intaneti. Mukachedwa kuyankha munthu masiku awiri, dziwani kuti wayankhidwa kale ndi amenewo.

Aphunzitsi opuma a ku Mayani

Ana anga, ndawerenga zonse ndipo zambiri n'zanzeru, koma mukulankhula ngati aliyense ali ndi foni ya intaneti. Kalembera wa 2018 anapeza kuti anthu 84 pa 100 alionse m'dziko muno amakhala kumidzi. Inu a pa Lizulu muli pa M1, magetsi alipo, netiweki ilipo, ena mpaka muli ndi malayini a Movitel a tsidya linalo. Talowani mkati makilomita angapo muone. Foni ndi ya mabatani, kutchaja n'kolipira pa sola ya munthu, ndipo m'nyumba zambiri foni ndi imodzi, ya bambo. Mtsikana amene ali ndi foni yabwino kawirikawiri wamugulira ndi mwamuna, ndipo mwamunayo amaigwira nthawi imene wafuna. Ndiye inbox imene mukuitama ija kwa mtsikana wotere si malo obisika.

Sindikuti musiye ayi. Koma amene mukuwapeza pa WhatsApp ndi omwe aja anapitako kusukulu, amene mwina anayezetsapo kale. Amene sanayezetsepo chibadwire ali kudimba akuthirira tomato, ali pa bawo, ali mu video show, ali kumpira wa bonanza Lamlungu masana. Kwa amenewo mwendo ndi umene umagwira ntchito. Ndipo ngati mukufunadi za foni, pitani kwa anyamata aja amaika nyimbo mu memory card pamsika, muwapemphe aziikamo ka voice note ka mayi Nangozo pakati pa nyimbo, kadzafika kumene bandulo siifika. Muwauzenso anthu za Chipatala Cha Pa Foni, n'chaulere ndipo foni ya mabatani imaimba, munthu amalankhula ndi wazaumoyo amene samudziwa nkhope.

Mafumu musawadumphe. Kuno kwa Achewa ndi Angoni nkhani ikadutsa kwa a gulupu ndi anankungwi imayenda, ikawalambalala imafera panjira. Ndipo ndinene chimene ena sangakonde. Makalabu ambiri a achinyamata ndawaona akubadwa pamene kwabwera pulojekiti ya ma T-shirt ndi alawansi, pulojekiti ikatha nawonso amatha. Mwaona mmene zinagwedezekera mu January 2025 pamene America inaimitsa thandizo lake lakunja, ntchito zambiri za m'midzi zinaima. Ngati kalabu yanu ikudikira bandulo ya bungwe kuti iyankhe mauthenga, konzani zimenezo kaye.

Wakabaza wa pa Tsangano

Aphunzitsi mwalasa, koma za mafumuzo pang'ono. A mfumu akaitanitsa msonkhano amapita ndi azimayi ndi madala, ife timakhala tili pamsewu. Ndipo mnyamata sangakatenge kodziyezera pamaso pa a mfumu amene mawa adzaweruze mlandu wake wa mimba kkkk. Ife amene timamumvera ndi tcheyamani wa pasiteji ndi kaputeni wa timu. Kaputeni akanena kuti mafana Loweruka tikatha training aliyense atenga kake akayezere kwawo, palibe amene aoneke wachilendo chifukwa tatenga tonse. Chimene chimavuta ndi kukhala wekha wotenga, anthu amati ameneyu wapanga chani.

Koma a zaumoyo, zoti madamu alibe ine ndingakhale nako zandilowa mumtima, sindinama. Ndiye PrEP imene timaimva ija ndi ya anthu ngati amenewo?

Jere wa pa Lizulu

Zikomo kwambiri nonse, ndalemba zambiri mu kope. Mayi Nangozo ndikupezani ku inbox ngati mungalole kuti voice note yanu tiigwiritse ntchito kuno, tikufunseni kaye musanatipatse kuti ipite pati ndi pati. Za kaputeni wa timu ndazikonda, tili ndi matimu angapo ozungulira kuno ndipo makaputeni ake ndimacheza nawo.

Koma chikundiopsa ndi ichi a zaumoyo. Munthu watenga kachipangizo, wakadziyeza yekha usiku mu chipinda chake, yatuluka mizere iwiri, palibe womulangiza pafupi. Sangadzipweteke ameneyo? Nanga tidziwa bwanji kuti wapitadi kuchipatala, poti mayi Nangozo ati zotsatira zisalembedwe pa foni?

Wazaumoyo ku Dedza

Achimwene a kabaza, eya. PrEP ndi mankhwala amene amamwa munthu amene alibe kachilombo koma ali pa chiopsezo, monga amene mkazi kapena mwamuna wake ali nako ndipo tizilombo sitinatsike, kapena amene ali ndi zibwenzi zingapo. Amayamba akuyeza kaye kuti atsimikize kuti ulibe. Musaisokoneze ndi PEP, imeneyo ndi ya pangozi, kondomu yaphulika kapena munthu wagwiriridwa, iyenera kuyambidwa pasanathe maola 72 ndipo umamwa masiku 28. Zonsezi sizitchinga chindoko, chinzonono kapena mimba, ndiye Chishango chanucho musachitaye. Mdulidwe wa kuchipatala nawo umachepetsa mpata woti mwamuna atenge kachilombo ndi pafupifupi 60 pa 100, osati kutheratu.

A Jere, funso lanu ndi limene ifenso tinkafunsa njirayi ikuyamba. Yankho lake lili pa nthawi yopereka, osati pambuyo. Musamapereke muli pa changu. Khalani naye mphindi zingapo, muonetseni mmene kamagwirira ntchito, ndipo mufunseni kuti ikatuluka iwiri upanga chani, uuza ndani. Muuzeni zija anena mayi Nangozo asanatsegule paketi, kuti mizere iwiri si chigamulo, n'kofunika kukatsimikiza, ndipo zikatsimikizika mankhwala alipo aulere tsiku lomwelo atha kuyamba. Mulangizeni adziyeze m'mawa tsiku loti chipatala n'chotsegula, osati Lachisanu usiku atamwa. Ngati mukuona kuti munthuyo ali kale ndi nkhawa yaikulu, kapena ndi mtsikana amene mwamuna wake ndi wankhanza, musamupatse kopita nako kunyumba, mupite naye kwa alangizi. Ndipo wina asakakamize mnzake, kaya ndi chibwenzi kaya ndi kaputeni, kuti ayezere pamaso pake kapena aonetse zotsatira.

Pomutsatira simufunika kufunsa kuti zatuluka bwanji. Mawa lake mungomulembera kuti bwanji aise, ngati ukufuna ndikuperekeze kwinakwake ndilipo. Amene yatuluka umodzi amayankha yekha mosangalala, simuchita kufunsa. Amene wakhala chete kapena wayankha mwachidule, mupezeni maso ndi maso, osati pa foni. Muuzeninso kuti sakakamizidwa kupita chipatala cha kwawo, wa pa Lizulu atha kukwera minibasi kupita ku Ntcheu boma kapena ku Dedza kumene sakumudziwa, amulandira ndithu, ndipo akadzakhazikika mtima atha kudzasamutsa kuti azilandirira pafupi.

Powerengera ntchito yanu musamawerenge ma like. Muziwerenga tizipangizo timene mwapereka ndi anthu amene mwawaperekeza, manambala okha opanda maina, n'kumakapereka kuchipatala mwezi ukatha kuti nawonso adziwe toti akusungireni tingati.

Wakabaza wa pa Tsangano

Jere ukakatenga udzandiuze, ndilankhula ndi tcheyamani wathu. Koma ubwere cha m'ma 2 masana pamene makasitomala achepa, m'mawa sitingakumvere.